Mabawuti a Apongozi

Thandazani anakwatiwa mu Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi fumbi, ndipo masabata atatu anatha apongozi ake aamuna asanamulankhule ngakhale liwu limodzi. Sikuti panali mlandu. Kwawo kwa mwamuna wake, Mubanga, ndi Abemba, ndipo pakhomo pawo ku Chelstone ankasunga mwambo wakuti mkazi wa mwana salankhula ndi apongozi aamuna mpaka atamushikula. Kushikulako akuluakulu amakhala pansi, apongozi amaika kamphatso pambale, pakamwa n'kutseguka. Tsikulo lisanafike, akakumana pakhonde, Thandazani ankagwada n'kuyang'ana pansi, bashi Mubanga, atate a mwamuna wakewo, n'kudutsa ngati akulambalala mpando.

Amayi ake ku Kabwata anamuuza kuti zoterezi zimatha patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Koma bashi Mubanga sankafulumira. Tsiku lina akutsuka mbale anawamva pawindo akuuza akazi awo kuti, "Mwana wa pa foni uyu. Amaliza sukulu mailo, lelo ati ni mkazi wa munthu. Lekani timuoneko."

Mubanga anali atabwerera kale kuntchito kumgodi ku Solwezi. Pafoni ankangoseka. "Batata ni so chabe, iwe. Ngati sindiwe motoka, sibakuona."

Thandazani sankaseka nawo. Atate ake anamwalira iye ali Giledi 4, ndipo kuyambira tsiku limene Mubanga anamufunsira pa siteshoni ya mabasi mu tauni, mumtima mwake munali mutakhala kale nkhalamba ina yomutchula kuti mwana wanga. Ankailota ikuyendetsa galimoto mumsewu wa mitengo ku Kabulonga, iye ali kumbuyo ndi Mubanga, windo lili lotsegula, chitambala chikuuluka.

Galimotoyo inalipodi, kungoti sinkayenda. Inali Crown ya 1978, yoyera kalekale, tsopano ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Inaima pambali pa nyumba, pansi pa denga la malata, pa simenti. Bashi Mubanga anagwira umakaniko ku kampani ya mabasi zaka makumi atatu, ndipo atapuma analumbira kuti aimasula yonse n'kuimanganso. Boneti anali ataitsamiritsa pamtengo wa gwafa. Bampa ndi magetsi zinali pamwamba pa khola la nkhuku. Kumanja anachotsa madigadi, chitsulo chija chimaphimba tayala, ndi zonse zimene zimagwira tayalalo, moti kutsogolo kwa galimoto kunkaoneka ngati kamwa logweluka mano mbali imodzi. Pa simenti panali mizeremizere ya choko, mabawuti a dzimbiri ali mbwee pamwamba pake. Thandazani ankaziona mongoba, atagwada, pobweretsa tiyi. Kwa iye zinali zinyalala zimene munthu wamkulu alibe nthawi yosesa.

Lachitatu bana Mubanga, apongozi ake aakazi, analowa m'khitchini akumwetulira. "Mayo, bavomela. Pa Chiwelu ba Lukonde, balongosi babo, babwela kuchoka ku Kabwe. Bazakushikula. Manje nyumba iwale, ba Lukonde bamayang'ana na pansi pa mipando."

M'mawa wa Lachinayi akuluakulu awiriwo anakwera minibasi kupita kumaliro ku Avondale. Geti litangotsekeka, Thandazani anamanga chitenge. Anakolopa m'nyumba, anapukuta mawindo ndi nyuzipepala, anachapa makatani. Dzuwa lisanafike pamutu zonse zinali zitatha, koma manja ake anali asanakhute. Anatuluka panja, maso n'kugwera pa simenti ya galimoto.

Anatola mabawuti onse, manati onse, mawashala onse, n'kuthira mu beseni la palafini. Anakwecha chimodzichimodzi ndi waya wotsukira mapoto mpaka zala kusupuka. Kenako anazisankha monga amasankhira mbale pa ukwati: zazitali m'chitini chake cha majalini, zazifupi m'chake, manati m'chake, mawashala m'chake. Panali tizitsulo tina tisanu ndi titatu, topyapyala, tooneka ngati chilembo U. Ito anatimanga ndi ulusi kuti tisatayike. Atatero anakolopa choko chonse, anapaka polishi wofiira wa kobra kuzungulira galimoto, anapukuta mpaka anadziona nkhope. Nthawi yonseyi ankaimba, akuganiza za diresi la Loweruka.

Apongozi anafika dzuwa litapendeka. Thandazani anagwada pakhomo la khitchini, mtima ukugunda mokoma. Bashi Mubanga anakhota pakona ya nyumba, jekete lili paphewa, n'kuima. Anayang'ana simenti yowalayo. Anayang'ana zitini zinayi zondandalikidwa m'mbali mwa khoma. Anavula chipewa, anachivalanso.

"Bana Mubanga," anatero motsitsa mawu, "mapu yanga ili kuti?"

Apa m'pamene Thandazani anamva, kudzera mwa bana Mubanga, kuti chokocho chinali chithunzi cha kutsogolo kwa galimoto. Bawuti iliyonse inkagona pachithunzipo pamalo pamene inachokera. Mabawuti amafanana m'maso, koma ina ndi yaitali pang'ono, ina mano ake ndi aang'ono, ndipo ukalowetsa yolakwika umaononga bowo. Buku la galimotoyo linatayika kale ku Mansa. Simentiyo ndiyo inali buku.

"Nchito ya miyezi ibili," anatero bashi Mubanga, akulankhula ndi mtengo wa gwafa. Kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Tumilani ba Lukonde foni. Basavutike kubwela."

M'khitchini bana Mubanga anamupeza akulira pa sinki. "Iwe naiwe, mayo, sembe unafunsa."

"Nifunse bandani? Imwe munalibepo. Beve sinikamba nabo."

"Apo wakamba zoona," anatero bana Mubanga, n'kuyamba kutenthetsa ndiwo.

Lachisanu bashi Mubanga anadzuka monga masiku onse. Anakwecha kobra ndi mchenga pamalo oimika jeke yonyamulira galimoto, chifukwa jeke pa simenti yoterera ndi imfa. Kenako anagwada kumanzere kwa galimoto, mbali imene anali asanakhudze, n'kuyamba kujambula ndi choko chatsopano. Thandazani ankawaonera pawindo akupala mpoto wa phala. Anali ataganiza kale zoti apemphe kukaona amayi ake ku Kabwata, akakhaleko mpaka Mubanga atabwera.

Nkhalamba inamasula bawuti yoyamba ya madigadi n'kuigoneka pachithunzi. Inali yaifupi, ya mutu wotambalala ngati chipewa. Thandazani anaimitsa dzanja. Anaidziwa. Dzulo lake anakwecha zoterozo khumi ndi ziwiri, ndipo imodzi inamucheka chala. Anayang'ana galimoto, anayang'ana manja ake awiri, lamanzere ndi lamanja, n'kusiya mpoto m'madzi.

"Mayo, nipelekezeni panja," anauza bana Mubanga.

"Ukafune chani futi? Ufuna banipitikise na ine?"

"Nipelekezeni chabe. Sinizakamba."

Anatenga zitini zija, thumba la ufa lopanda kanthu, ndi khala la pa mbaula. Anayala thumbalo kumanja kwa galimoto, patali ndithu ndi apongozi, n'kukopera chithunzi chawo chotembenuza. Atatha anafufuza m'chitini, anapeza bawuti ya chipewa, n'kuigoneka pamalo ake. Bana Mubanga anakhala pakampando pakati pa awiriwo ndi lichero la chibwabwa, masamba a maungu.

Bashi Mubanga anamasula yachiwiri. Thandazani anapeza inzake. Yachitatu, yachinayi, motsatira m'mphepete mwa madigadi. Pofika yachisanu ndi chiwiri nkhalamba inatsokomola.

"Bana Mubanga, bauzeni bapongozi banu iyo si yamene. Bayang'ane mano."

"Ati yang'ana mano."

"Mayo, bauzeni nayang'ana. Niyamene."

"Ati niyamene."

Bashi Mubanga anatambasula dzanja. Bawuti inayenda kuchoka kwa Thandazani, kudzera palichero, kufika kwa iwo. Anaigundanitsa ndi yawo, mano kwa mano, n'kuzikwezera kudzuwa. Kuwala kunkadutsa pakati. Anabweza zonse ziwiri palichero. Thandazani anachita zomwezo, anaona kuwalako. Anafufuzanso mpaka anapeza ina imene mano ake analumana ndi inzake osasiya mpata.

"Bauzeni ndiye mwamene bapimila," anatero bashi Mubanga.

"Wamvela weka," anatero bana Mubanga.

Mabawuti awiri a madigadi anali obisika kuseri kwa chitseko, atatu pansi penipeni pamene matope amakhala. Imodzi ya pansiyo inakana. Anaithira mafuta, anaigogoda, anaipatsa nthawi, koma pomaliza inathyoka ndi kaphokoso kouma. Bashi Mubanga anagoneka mutu wa bawutiyo pachithunzi momwemo, n'kulemba mtanda pambali. Kenako anagwira madigadi ndi manja awiri, anaigwedeza, inasiya thupi la galimoto. Dothi lofiira louma linakhuthuka, pamodzi ndi chisa cha khoswe chopangidwa ndi matikiti akale a basi.

Tsopano zonse zinali poyera. Thandazani, amene dzulo ankaona dzimbiri lokhalokha, anayamba kuona mmene zinthu zagwiranirana. Tayala litachoka panatsala mikono iwiri yachitsulo, wapamwamba ndi wapansi, ndipo pa wapansi panakhala sipuling'i yonenepa ngati ntchafu ya munthu, shoko yoletsa galimoto kudumphadumpha ili mkati mwake. Bashi Mubanga anamasula shoko n'kuisolola chapansi. Anamasula ndodo yokhotetsera tayala. Nati iliyonse ikagona kumanzere, inzake yowala inkagona kumanja, ndipo zitini zinkapepuka.

Atadya nkhomaliro, bana Mubanga anatuluka atavala chitenge cha gulu la amayi a kutchalitchi. "Ine nayenda ku miting'i. Sindine foni yanu. Mukafuna kukamba, lembelanani makalata."

Geti linalira. Pabwalo panatsala anthu awiri, galimoto ndi nkhuku.

Thandazani anadziwa kuti ayenera kulowa m'nyumba, koma sanadzuke. Bashi Mubanga anapukuta manja, anazungulira kutsogolo kwa galimoto, n'kuima pamwamba pa thumba la ufa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako maso awo anagwera pa tizitsulo ta chilembo U, tomangidwa ndi ulusi, timene tinalibe malo pachithunzi. Anayang'ana kugeti. Anayang'ana nkhuku. Pomaliza anaika dzanja padenga la galimoto.

"Crown," anatero, "iwe na ine tachoka kutali. Utu tumashimu tumankhala kumbuyo kwa mkono wa pamwamba. Ndiye tumaimika tayala stileti. Ukaika molakwa, tayala idyeka mbali imozi. Manje mbali iliyonse ili na nambala yake, kumanzele sikungatiuze va kumanja. Tunali milu ibili pa choko. Funsako, Crown, tungati kusogolo, tungati kumbuyo?"

Thandazani anatseka maso. Anayesa kuona simenti ya dzulo. Anaona beseni, anaona zala zake, anamva nyimbo imene ankaimba, koma milu iwiriyo sinabwere. Tisanu ndi titatu. Tinayi uku, tinayi uku. Yankholo linali lokongola, lokhala bwino pakamwa, ndipo palibe akanalitsutsa mpaka matayala atadyeka chaka chamawa. Loweruka linali mawa.

"Ba Crown," anatero akuyang'ana thumba, "bauzeni siniziba. Ninatola chabe, nzelu zinali kwinangu. Ningakambe folo-folo, koma nizanama."

Nkhuku inadutsa pansi pa galimoto. Bashi Mubanga anagogoda denga ndi chala kawiri.

"Wamvela, Crown? Ku kampani ninali na banyamata teni. Bonse teni sembe bakamba folo-folo." Anatola tizitsulo tija n'kutikoleka pamsomali wa pakhoma. "Tizapima pa mashini ukaimilila."

Anabwerera kumanzere. Ntchito yotsala inali ya sipuling'i, ndipo Thandazani anaona kuti kayendedwe ka nkhalamba kasintha. Sipuling'i ya galimoto imakhala yopanikizidwa ndi mphamvu yoti ikapulumuka imaboola khoma. Anailowetsa tcheni n'kuimangirira kuthupi la galimoto. Anaika jeke pansi pa mkono wapansi n'kupopa mpaka jekeyo inasenza. Anamasula nati ya pamfundo yolumikiza mkonowo ndi pokhala tayala osaichotsa, anamenya pambali ndi hamala, kamodzi, kawiri, kachitatu mfundo inati phwa. Anachotsa nati. Tsopano chimene chinagwira sipuling'i chinali jeke basi.

Kuitsitsa kumafuna anthu awiri. Wina amagwada pambali ndi chitsulo, kuyang'ana kuti sipuling'i isapatuke pampando wake, wina amapotoza chogwirira cha jeke kutsogolo, kumene sangaone chilichonse. Kumanja anathandizidwa ndi ba Gilson a nyumba yoyandikana. Bashi Mubanga anapita pakhoma n'kuitana. Anayankha ndi akazi awo. Ba Gilson anapita ku Chipata, abwera sabata ya mawa.

Nkhalamba inabwerera pang'onopang'ono. Jeke yakaleyo inkadontha mafuta, sikanasenza mpaka sabata ya mawa, ngakhale mpaka madzulo. Anaikanso dzanja padenga.

"Crown, bauzeko ati..." Anasiya. Anapukusa mutu. "Awe. Ichi chinthu chipaya munthu. Sitingapitile mu motoka."

Anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso.

"Mayo, bwelani kuno."

Thandazani anawomba m'manja mwaulemu. "Mukwai."

"Lekani vokwapula m'manja, gwilani apa. Nkhalani kusogolo, mutu kuseli kwa chisulo ichi, osasuzumila. Mupotoze kumanzele pang'ono, monga mwamene mumachepesela wailesi. Nikakamba imani, mubweze pamene apo. Mwamvela?"

"Namvela, batata."

"Tiyeni."

Chogwiriracho chinali chotentha ndi dzuwa. Anapotoza. Palibe chinachitika. Mtima unamuuza kuti awonjezere kwambiri, zithe msanga, koma anaugwira. Anawonjezera pang'ono ngati kambewu ka mpiru. Jeke inapuma, chitsulo chinalira.

"Imani."

Anabweza.

"Futi. Pang'ono. Eya, so. Imani. Lekani niikankheko. Futi."

Anatsika choncho, kachidutswa kachidutswa, thukuta likumulowa m'maso. Sankaona sipuling'i. Ankangomva mawu a apongozi ake, osakalipa, osathamanga, akubwera kwa iye mwachindunji. Kenako kunamveka tcheni kuti ngwere, ndi chinthu cholemera kugwa pa simenti.

"Yagona. Bwelani muone chamene munali kugwila."

Sipuling'i ili pansi inali yaitali kufika m'bondo mwake. Bashi Mubanga anaiponda ndi nsapato, sinasunthe n'komwe. Kenako anamupatsa sipanala.

"Mkono wa pamwamba mumasule ndimwe. Manati yabili. Dzanja linangu pansi, mugwile vamene vizagwa."

Nati yoyamba inali yolimba. Anaitsamira ndi thupi lonse mpaka inalola, ndipo tizitsulo titatu tinagwera m'dzanja mwake, takuda ndi girisi. Ku nati yachiwiri kunagwa tiwiri.

"Tungati?"

"Tutatu kusogolo, tubili kumbuyo."

"Mwaona? Sembe folo-folo. Lembani." Anamuponyera choko.

Bana Mubanga anatsegula geti dzuwa lili pamwamba pa denga la ba Gilson. Anapeza mpongozi wawo atagwada pa simenti, chitenge chili girisi yekhayekha, akufunsa chifukwa chimene labala ya mu mkono wapamwamba yang'ambikira, amuna awo akumufotokozera za msewu wa ku Mansa nthawi ya mvula. Anaima pomwepo, kachikwama kali m'khwapa.

"Bashi Mubanga! Mukamba naye? Mbale mukalibe kuika!"

"Mbale niya mailo. Sipuling'i inali ya lelo."

"Mailo kuti? Sindimwe munakamba ati ba Lukonde basabwele?"

"Manje nakamba babwele. Batumileni bakwele basi ya kuseni."

"Ine munanichitisa nsoni pa foni, manje nichite futi? Ba Lukonde bazakamba ati ku Chelstone bonse bafunta."

"Bazakamba olo musatume."

Bana Mubanga analowa m'nyumba akung'ung'udza, akufufuza foni m'kachikwama. Thandazani anatsala ndi nati imodzi m'dzanja.

"Batata, iyi niike pati?"

"Mwaichosa pati?"

Anayang'ana mkono wachitsulo, anayang'ana chithunzi, n'kuigoneka pakona ya kumbuyo, pafupi ndi tizitsulo tiwiri tija. Bashi Mubanga anali atalowetsa kale mutu pansi pa galimoto.

"Nipaseni sipanala ya seventini," anatero.